Kompyuta ya Ababa Yachira

Wokondedwa Mzime wathu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu. Uli bwanji kumeneko, iwe? Nanga mlamu wanga akudzuka bwanji, ndi kadona kathu kaja? Ndinamva kuti mano akutsogolo aguluka. Ukajambule kakuseka unditumizire asanamere ena, azakhali akenso aone. Chifuwa chimene chimakugwira kukazizira chija chinakusiya? Uzivala juzi, usamadzitame kuti unazolowera.

Kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Alamu ako bondo lija likuwavutabe, koma ku ntchito akupita, motsimphina momwemo. Ku saluni anthu akubwera, zala zanga zokha ndi zimene zikudandaula. Ababa akudya ndipo mankhwala akumwa, ngakhale kuti mpaka ndiwaimirire pamutu.

Kalatayi ndikuilemba pa kompyuta yako ija, m'chipinda cha mawotchi, pamene ababa apita kokayezetsa magazi ndi alamu ako. Ndikugogoda ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola chakudya, ndiye ukapeza zolakwika ungomeza. Ndasankha kulemba chifukwa ndikakuimbira umakhala uli pa msonkhano, ndipo tsiku limene wayankha, ndikangoti "ababa" iwe wayamba kale kundifunsa ngati kuno kwagwa mvula. Kalata sungaidule pakamwa. Uwerenge mpaka pansi.

Ndikuti kompyuta yako chifukwa m'nyumba muno palibe amene amaitchula mwina. Ndiwe unaipeza ulendo uja unabwera ku tchuthi, ndiwe unaikamo Linux yakoyo, n'kutiuza kuti imeneyi sigwidwa matenda wamba ndipo sidzawatopetsa ababa ndi mafunso. Pamenepo unaganiza bwino, ndisakunamize. Makutu a ababa pa foni sagwira kanthu, amangoti "eti? eti?" mpaka woimbayo kutopa. Koma pa sikirini yaikuluyi amaona milomo yako, mawu n'kumawatola ndi maso. Lamlungu lililonse masana ankasamba, kuvala jekete, n'kukhala pampando nthawi isanakwane. Munthu amene wakonza mawotchi moyo wake wonse sadziwa kuchedwa.

Za Lamlungu limene unaimba komaliza lija usaganize kuti sindikudziwa. Ndinali kukhitchini, ndipo chitseko chathu ukuchidziwa, sichisunga chinsinsi. Ababa ankakufotokozera moseka za wotchi ya aphunzitsi opuma aja, kuti kasipuling'i kanawapulumuka pa chopanira n'kuuluka, anakasaka tsiku lonse osakapeza. Iwe sunaseke. Unati manja awo atopa, asiye ntchitoyi asanaonongere anthu zinthu zawo. Unanena mlamu ali pambali pako, akumva. Ababa anati ngati umaimba kuti uziyeza manja awo, usamavutike. Iwe unati chabwino. Nkhani inathera pomwepo, poti nonse awiri mitu yanu inasemedwa pa mwala umodzi.

Tsiku limenelo ababa sanatseke kompyuta monga unawaphunzitsira, kudina apa, kudina apo, n'kudikira izime yokha. Anangotambasula dzanja n'kuthimitsa pakhoma ngati akuzimitsa simbi. Lamlungu lotsatira anayatsa, anavala jekete, anakhala. Dzuwa linapendeka. Anathimitsanso pakhoma. Linzake chimodzimodzi. Ine ndinkaona, koma ndinati za bambo ndi mwana wake wamwamuna ndisalowerere, zitha zokha.

Ndiye tsiku lina m'mawa ndisananyamuke ndinamva akundiitana. Ndinapeza sikirini ili bii, timalemba toyera tili mbwee, pansi pake kamzere kakuphethira ngati kakudikira yankho. Chithunzi cha kadona chimene chimatilonjera chija kunalibe. Ndinazimitsa, ndinayatsa, zomwezo. Ndinagwedeza mausi, ndinamenya pambali pa bokosi monga timachitira ndi chowumitsira tsitsi ku saluni, koma ayi ndithu.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ababa sanadandaule. Anaima kumbuyo kwanga atapinda manja, n'kunena kuti makina nawonso amakalamba, ndiisiye ipume. Madzulo ake ndinawamva pakhonde akuuza aneba athu a galimoto yofiira aja kuti Mzime masiku ano sakutha kuimba chifukwa kompyuta yafa. Ananena mopepuka, ngati munthu amene watula katundu pamutu. Ine ndinangoti ndi ukalamba, sindinaganizepo zambiri.

Ndinayamba ndapita kwa wokonza mafoni wa ndevu uja, wa pafupi ndi saluni. Anayang'ana chithunzi chimene ndinajambula pa foni, anamva dzina loti Linux, n'kupukusa mutu. Akuti ndibweretse bokosilo apukute zonse, aikemo zimene anthu anazolowera. Ndinamufunsa kuti nanga zithunzi za malemu amayi zili mmenemo? Akuti zimenezo ndiye zapita kale, ndiiwale. Ndinamuthokoza n'kutuluka pakamwa pakundiyabwa, koma ndinadzigwira poti mawa foni yanga idzafuna iye yemweyo.

Mwayi unadzera pampando wanga. Ndili ndi kasitomala amene timawatcha Amagalasi, mayi wamtali wosalankhulalankhula, amasamalira makompyuta ku kampani ya mabasi. Anabwera kudzalukitsa timizere tating'ono tija totenga tsiku lathunthu. Munthu ukamugwira tsitsi sathawa, ndiye ndinawaikira foni pamiyendo.

Anakulitsa chithunzicho ndi zala, anawerenga, n'kuseka pang'ono. Akuti makinawo sanafe. Anandifunsa ngati kwathu magetsi amathimathima, ndinati amathima, koma wothimitsa wamkulu ndi bambo anga. Anandifotokozera kuti kompyuta ikamazima bwino imayamba yabwezera chilichonse pamalo pake. Ukaidula magetsi mwadzidzidzi imasiya zinthu zili mbwerekete, ndipo ukabwereza kangapo imafika pokana kudzuka mpaka wina ailamule kuti ikonze m'nyumba mwake. Akuti malemba onse aja ankanena zimenezo basi, ndipo dzina la disiki yofunika kukonza linali pomwepo, chakumunsi kwa sikirini.

Anandilembera pa foni mawu oti ndikalembe: fsck, kenako dzina la disikiyo monga likuonekera. Akuti ikayamba kufunsa mafunso ndizingoyankha y, ikatopa ndilembe reboot. Anandichenjeza kuti ndisaphonye chilembo ngakhale chimodzi. Ndinawayankha kuti munthu woluka mitu ya anthu saphonya mzere, ndipo ngati sakukhulupirira ayang'ane pagalasi.

Mawa lake ndinathawa ku saluni nthawi ya nkhomaliro. Ndinakhala pampando wa ababa thukuta lili kamukamu, kulemba chilembo, kuyang'ana foni, kulemba china. Mafunso anayamba kubwera, ine y, y, y, ngati mkamwini wovomera zonse pamaso pa apongozi. Kenako kunangoti zii. Ndinalemba reboot, n'kutsinzina. Potsegula maso, kadona kakundisekerera pa sikirini. Ndinaitana ababa kuti abwere aone. Anabwera, anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndachita bwino. Mawu okhawo. Ine ndinali nditasiya munthu mutu uli theka, ndiye ndinathamanga osayesa china chilichonse.

Kunyada kwanga sikunakhalitse. M'mawa mwake ndinati ndiyese kuimba pa kompyutayo kuchokera pa foni yanga, ndione ngati ilira. Sinalire. Pakona pa sikirini, pamene pamakhala timizere ta wayifayi topindika ngati nsidze zosanjikizana tija, panalibe kanthu. Ababa anasuzumira n'kunena kuti mwina pokonza chimodzi ndaononga china, zimachitika ngakhale kwa amisiri. Mtima wanga unagwa, chifukwa inenso ndinaganiza chomwecho. Ndinati mwina pa mafunso aja ndinavomera zina zosayenera kuvomera.

Ndinayamba ndi zimene aliyense amadziwa. Ndinazimitsa rauta, ndinadikira, ndinayatsa. Foni yanga inagwira wayifayi nthawi yomweyo, ya alamu akonso inagwira. Ndinakokera rauta kufupi ndi chitseko cha chipinda mpaka pamene chingwe chinathera, ndimati mwina kompyutayo yayamba kusamva ngati eni ake. Palibe chinasintha. Alamu ako anati vuto ndi pasiwedi. Ndinawafunsa kuti pasiwediyo ndiilembe pati, pomwe ngakhale dzina la wayifayi yathu kapena ya aneba silikuoneka? Anati iwo angopereka maganizo, n'kubwerera ku mpira wawo.

Ndinayamba kuwavutitsa Amagalasi ndi mauthenga a mawu. Mayi aja ndi oleza mtima, Mulungu awaonjezere tsitsi. Poyamba anati mwina pali kachidutswa ka pulogalamu kamene kanaonongeka. Anandiuza kuti poyatsa ndigwire batani la Shift mpaka patuluke posankhira, ndisankhe Linux yam'mbuyo, chifukwa akuti imasunga yakale ngati diresi la pangozi. Ndinachita. Inadzuka bwinobwino, koma wayifayi osaoneka.

Tsiku lina anati nditsegule kawindo kakuda kolembamo malamulo, ndilembe rfkill list, tione ngati pali chimene chaitsekera. Sipanatuluke ngakhale mzere umodzi. Ndinabwereza, ndimati mwina ndaphonya chilembo. Zomwezo. Nditawauza ananena kuti ndiye si nkhani ya kutsekeredwa ayi, makinawo sakuona n'komwe chogwirira wayifayi.

Masiku onsewa ababa ankakhala pa benchi yawo pakona, kagalasi kawo kokulitsa zinthu kali pamphumi, akupukuta mawotchi amene anawapukuta kale dzulo lake. Nthawi zina ankati ndidzipweteka mutu, ndipite ku ntchito, kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina ankandibweretsera tiyi. Ababa kundipangira tiyi ine! Pamenepo ndiye ndikanadzidzimuka, koma maso anga anali pa sikirini.

Loweruka masana, nditatseka saluni msanga, Amagalasi anandiimbira okha. Anati ndilembe lsusb, ndiwawerengere zonse zotuluka. Akuti amenewo ndi mawu ofunsa makina kuti atchule chilichonse chobayidwa m'mabowo ake. Ndinawerenga movutikira: kiyibodi, mausi, kamera. Anafunsa ngati ndi zokhazo. Ndinati ndi zokhazo, zina ndi manambala. Ndiye anandifunsa funso limene tikanayamba nalo tsiku loyamba, kuti kodi wayifayi ya kompyutayi ili m'kati mwa bokosi, kapena mlongo wanga anachita kubaya kanthu kunja.

Apo m'pamene ndinakuona m'maganizo, utagwada kuseri kwa tebulo ulendo uja, ukung'amba kapaketi ndi mano, n'kutulutsa kanthu kakuda kochepa ngati chikhadabo. Ababa anali ataima pambali pako akuonerera, monga amaonerera aliyense wogwira tinthu ting'onoting'ono.

Ndinakoka tebulo, ndinayatsa tochi ya pa foni. Kuseri kwa bokosi kunali fumbi la miyezi, koma bowo limodzi linali loyera, ndipo mozungulira mwake munali mopukutidwa bwino. Kanthu kaja kunalibe.

Ndinati mwina kagwa pamene ndinkakoka zingwe. Ndinagwada, ndinasesa pansi pa kabati, ndinapeta zinyalala ndi zala, ndinayang'ana mpaka m'nsapato za ababa. Iwo ali phee pa benchi. Nditatopa ndinadzuka, ndinasasa fumbi m'maondo, n'kuwauza kuti asadandaule. Amagalasi akuti tinthu timeneti timapezeka m'sitolo iliyonse ya mafoni. Ndikathamanga ndipeza asanatseke, ndipo mawa Lamlungu kompyuta ikhala ili bwinobwino.

Ndinali nditanyamula kale chikwama pamene anandiitana ndi dzina langa la paubwana lija, limene sanalitchule chimwalirire amayi. Anati ndikhale pansi.

Ukuchikumbuka chitini chawo cha mabisiketi, cha pashelefu yapamwamba? Wotchi ya batire ikakhalitsa mwini wake osabwera kudzatenga, ababa amachotsa batireyo, kuikulunga m'kansalu, n'kuisunga mmenemo. Amati wotchi isamathe mphamvu kuwerengera nthawi munthu amene kulibe, komanso batire ikakalambira m'kati imadontha n'kuononga zonse. Mwini wake akabwera amabwezeramo, kutchera nthawi, n'kumupatsa ikuyenda. Anatsitsa chitinicho, n'kufunyulula kansalu kamodzi. Kanthu kako kaja kanali mmenemo, kopukutidwa bwino, kosakandika pena paliponse.

Iwe, ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti masiku onsewa ndakhala ndikuvutitsa mayi wa eni, ndathawa makasitomala, maondo andipweteka, iwo akundionerera n'kumandipatsa tiyi. Ndinawafunsa ngati ankayesa kuti ndi fulashi ya zithunzi za amayi, n'kumaisunga kuti isafere limodzi ndi makina. Ndinkafuna avomere zimenezo, tiseke, nkhani ithe.

Anati ayi. Ntchito yake ankaidziwa bwino lomwe, anakuona ukukabaya ndipo anakufunsa. Anakachotsa madzulo a tsiku lomwe ndinadzutsa kompyuta lija, ndipo anayamba apukuta fumbi kuti lisalowe m'bowo.

Kenako ananena mawu amene ndikufuna uwamve monga anatulukira m'kamwa mwawo. Anati, "Pamene makina anali akufa ndinkagona bwino. Ndinkati mwana akuimba koma sakundipeza. Iwe utawadzutsa ndinaona kuti Lamlungu likubwera, ndidzakhala apa zonse zikuyenda, ndipo akapanda kuimba ndidzasowa chonamizira."

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo chisoni chinandigwira. Bambo athu aja, amene ankatilanga tikanama ngakhale za shuga wa m'kabati, anakhala pansi n'kudzikonzera bodza loti azigonera.

Kenako ndinawafunsa kuti ndiye titani, kabwerere m'chitini? Akanati inde ndikanavomera, ndikuuze zoona, ndipo Amagalasi ndikanawauza kuti talephera. Anakayang'ana kwa kanthawi, n'kundiikira m'manja. Anati ndikabwezere pamalo pake, munthu wamkulu sangakhalire kubisala kuseri kwa tebulo.

Ndinakabaya. Sipanafunike kulemba chilichonse. Ndisanadzuke n'komwe pansi, nsidze zija zinali zitabwerera pakona, zonse zodzaza. Pulogalamu yoimbira inatseguka yokha monga unaitchera.

Ababa anachotsa kagalasi pamphumi, anavala magalasi owerengera, n'kuwavulanso. Anandifunsa, osayang'ana pa sikirini, ngati makinawa amaonetsa kuti munthu anaimba pamene iwo anali akufa.

Amaonetsa, Mzime. Iwe ukudziwa, inenso ndikudziwa. Ndinali nditayang'ana kale. Kuimba komaliza kunali kwa Lamlungu lomwe munasemphana lija, ndipo pambuyo pake panalibe china.

Ndinawauza kuti kompyuta ikadwala chonchi zoterozo zimafufutika. Ndinanama, ndipo ndinanama mosakoma. Anandiyang'ana monga amayang'anira kasitomala wolumbira kuti wotchi sinagwe pansi pomwe galasi lili losweka. Anangoti chabwino, n'kubwezera chitini pashelefu.

Dzulo linali Lamlungu. Anasamba, anavala jekete, anayatsa okha. Ine ndinali kukhitchini kutsuka mbale zotsuka kale. Alamu ako anatsitsa wailesi osauzidwa ndi munthu. Chapakati pake aneba aja anasuzumira pawindo kufunsa ngati kompyuta yachira, ababa anati yachira, ndipo sanaonjezerepo kanthu. Dzuwa litapendeka ndinamva akudina apa, kudina apo, n'kudikira mpaka inazima yokha, monga unawaphunzitsira. Jekete anaipachika, tiyi wamadzulo anamwa theka.

Sindikulemba kuti ndiweruze mlandu. Za manja unanena zoona, ndipo iwo akudziwa. Masiku apitawa anatenga wotchi ya aphunzitsi ija, anayenda okha wapansi mpaka kwa wokonza mawotchi wa kumsika, yemwe uja ankamunena kuti amakonza ndi nyundo, n'kumupempha kuti aimalize. Atabwerako sanadye. Zimenezi sadzakuuza, ndipo ukadzawafunsa ine ndidzakana kuti sindinakuuze. Choonadi unali nacho, koma unachipereka pamaso pa mpongozi wawo ngati ukudzudzula mwana wa sukulu.

Nawenso anakulasa, ndikudziwa. Unkasiya zako zonse Lamlungu lililonse kuti ukhale pa kamera, ndipo anakuthamangitsa ngati wobwera kudzapempha moto. Zinakupweteka, ndipo sindikuti sizikanayenera kupweteka. Koma munthu wa msinkhu wawo akapsa mtima, mawu ake suwatola n'kuwapachika pakhoma. Ukukumbuka uli mwana utaphwasula wotchi ya belu ya eni ake, timasikuluwu tili pansi ponse, ine ndikudikira kuti lero ndiye ukwapulidwa? Ababa anakunyamula n'kukukhazika pa benchi, anakugwira dzanja mpaka munaibwezeretsa nonse. Za manja ako tsiku limenelo sananenepo kanthu.

Sindikupempha kuti upepese. Mukayamba zopepesana inu awiri mudzakangananso kuti ayambe ndani. Ungoimba. Uwafunse chifukwa chake wotchi ya kukhitchini kwanu imatsalira, ngakhale isakutsalira. Manja ndi amene atopa, mutu ulipo, ndipo adzakufotokozera mpaka iwe ndi amene udzatope.

Ndikukupemphanso chifukwa cha ine ndemwe. Ndine ndinadzutsa makinawa, ndine ndinawalanda ababa pobisalira pawo, ndikuganiza kuti ndikungokonza kompyuta. Tsopano zonse zikuyenda. Swichi ya pakhoma ndaimata ndi selotepi, kanthu kako kali m'bowo mwake, ndipo chimene chidzachitike Lamlungu likubwerali adzachiona ndi maso awo popanda chotchinga. Ndikuchita mantha, Mzime. Akadzakhalanso mpaka dzuwa kupendeka sindikudziwa kuti ndidzawauza chiyani, ndipo bodza lina ndilibe.

Chinthu chimodzi usaiwale. Ukadzaimba n'kuona kuti sakuyankha msanga, usadule. Masiku ano mausi amawathawa, amatenga nthawi kuti alunjike pa batani lobiriwira, ndipo safuna kuti ndiwathandize. Uisiye ilire. Ikaduka yokha, uimbenso.

Undiperekere moni kwa mlamu, umuuze kuti palibe amene akumuimba mlandu kuno. Kadona ukapsompsone pamphumi m'malo mwa azakhali ake. Alamu ako akupereka moni, Amagalasinso akuti ndikuuze kuti Linux yako ilibe chifukwa. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito, ndipo akufewetse pamene pauma.

Moni wa ababa sindinaulembe. Sanandipatse chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba, ndipo wongopeka sindikutumizira. Ali nawo, udzautenge wekha.

Ndine mlongo wako,
yemwe uja anakubereka kumsana.